Belu la Pakhonde

Nyumba ija inali ndi mabelu asanu ndi limodzi, ndipo Namakiyi ankadana nawo onse. Anawapachika pamzere m'kanjira ka mdima kolowera kukhitchini, belu lililonse lili ndi waya wake wokafika kumalo ake. Ukakoka chingwe m'chipinda chodyera, kukhitchini kunkalira kabelu ka mawu ang'ono. Ukakoka m'chipinda chogona cha dona, kunkalira lina. Lalikulu pa onse, la mawu osasa ngati munthu wa chimfine, linali la pakhonde lakumaso, pomwe bwana mwini nyumbayo ankakhala kalelo atatambalitsa miyendo, n'kumaitana antchito osadzuka n'komwe.

Azungu aja anachoka kalekale, Namakiyi asanabadwe. Nyumba yawo inasanduka malo osungirako zinthu zakale: mipando yawo, mbale zawo, mfuti za bwana zokhomeredwa pakhoma, piyano yomwe inasiya kulira, zithunzi za ana ovala zoyera atakwera bulu. Alendo ankabwera kudzajambula, n'kumadabwa ndi ketulo ngati kwawo kulibe. Namakiyi ndiye ankatsegula zitseko m'mawa, kupaka polishi pansi pa matabwa, kupukuta fumbi, n'kutseka madzulo. Makiyi khumi ndi anayi ankalira m'chiuno mwake, dzina lija n'kuchokera pomwepo, lenilenilo anthu n'kuliiwala.

Kuseri kwa nyumbayo kunali mzere wa tinyumba ta antchito. Azungu atachoka antchito anatsala, anabereka, ana awo nawo anabereka, mzere uja n'kufalikira mpaka kumsewu wakumunsi. Panabuka tigolosale, malo ometera, a makala, ndi kashedi ka Nyundo, mlongo wake wamng'ono wa Namakiyi, yemwe ankawotcherera zitsulo ndipo mtima wake unali wapachala. Kanyumba koyamba pamzerewo, koyandikana khoma ndi khitchini, n'komwe Namakiyi ankakhala ndi bambo ake.

Mkuluyo analowa ntchito m'nyumba ija ali ndi zaka khumi ndi zisanu, woperekera zakudya patebulo. Tsopano anali atapitirira zaka makumi asanu ndi atatu, mutu utasokonekera ndi ukalamba. Ankaiwala ngati adya. Mwana wawo yemwe, wowasambitsa ndi kuwameta, ankamutcha "mayi inu". Koma mabelu, ayi ndithu, amenewo sanawaiwale. Likangolira limodzi, ngakhale ali m'tulo, ankadzambatuka, kukonza kolala, n'kunena kuti, "Limenelo ndi la chipinda chodyera." Ndipo sankaphonya. Malamulo onse a m'nyumba ija anali chikhalire m'mutu mwawo. Wantchito salowa ndi nsapato, amavulira pakhomo la kukhitchini. Wantchito sadutsa pabalaza. Likalira la pakhonde umasiya chilichonse, ngakhale dona akukuitana, umatulukira kukhitchini, kuzungulira nyumba panja, kukaima pansi pa masitepe, ndipo suchoka mpaka bwana akuuze kuti pita. Khutu lawo lamanzere linagontha tsiku lomwe anachedwa kufika pamasitepewo, bwana n'kuwamenya ndi thireyi yomwe ananyamulayo.

Choncho Namakiyi anakulunga tizitsulo ta m'kati mwa mabelu ndi nsanza, ndipo kwa zaka zingapo mkuluyo anagona bwino. Kenako kunabwera a Manijala atsopano, bambo wa tayi, wonunkhira mafuta kuyambira pageti.

"Ndani wawamanga pakamwa mabeluwa?" anafunsa.

"Ndine, a Manijala. Amawavutitsa ababa."

"Mayi, alendo amabwera kudzamva mabelu, osati za abambo anu. Masulani."

Anamasula, akanatani. Kuyambira pamenepo, basi ya alendo ikaima pageti, ankathamanga kukawatsekera bambo ake m'nyumba, loko panja. Ana a alendo ankakoka zingwe uku akuseka, ndipo iye ali pa polishi ankamva mkuluyo akumenya chitseko, akuchonderera kuti amutsegulire bwana asanakwiye. Zinkamudya mtima. Analumbira kuti dzanja lake silidzakhudza chingwe cha belu mpaka kalekale, moti ngakhale popukuta fumbi ankazilambalala.

Manijala yemweyo ndiye anabwera ndi kalata yoti mzere wa antchito ugumulidwe, pakhale malo oimikapo magalimoto a alendo. Nyundo anaing'amba kalatayo pamaso pake. Anthu anati n'zoopseza chabe, ndani angagumule nyumba zomwe agogo awo anabadwiramo?

Linali Lachiwiri m'mawa, ana atangopita kusukulu, pomwe chimakina chogumulira nyumba chinalowa, pambuyo pake lole yodzaza alonda aganyu, onyamula zibonga, ndi agalu awiri. Sanapereke ndi moni womwe. Analowa khomo ndi khomo n'kumaponya katundu panja, mapoto, mphasa, mawailesi, zonse phwaa pafumbi. Namakiyi anawatulutsa bambo ake, anawaveka nsapato, n'kuwakhazika pampando pansi pa mtengo womwe unali pafupi ndi khitchini.

"Mukhale pompano, ababa. Musasunthe."

"Kodi tikusamuka, mayi inu?"

"Ayi, tikuyanika katundu."

Kanyumba kawo kanagwa koyamba. Zaka zonse zija, chimakinacho chinangokankha kamodzi basi. Kachiwiri kanali ka wometa. Iye anathamangira m'kati kuti akatenge galasi lake ndi makina ometera, mkazi wake akukuwa kuti muli munthu, muli munthu, koma dalaivala anali atatseka makutu. Khoma linamugwera wometayo m'miyendo. Anamusolola anzake, mwendo umodzi utapindikira komwe mwendo supindikira, fupa lili poyera. Mkazi uja analumphira mlonda wina n'kumung'amba kumaso, ndipo mlondayo anamutchaya chibonga pachipumi. Anagwa chagada, magazi ali chuu.

Apo ndiye zinthu zinathina. Sindikudziwa amene anaponya njerwa yoyamba, ndipo onse amene analipo amakana mpaka lero, koma njerwa zinalipo zambiri, chimakina chomwecho n'chimene chinawaswera. Zinagwa ngati matalala. Alonda anamasula agalu, galu mmodzi analuma wa makala pantchafu, Nyundo n'kumuphwanya galuyo mutu ndi chitsulo. Mlonda amene anamenya mkazi wa wometa anamugwira anthu asanu, anamupondaponda mpaka anasiya kudziteteza kumaso. Dalaivala anamutsitsa pomukoka mwendo, mano ake anatsala pa sitepe ya chimakina. Ena onse anathawa, ena kulumpha mpanda, zibonga kutaya. A Manijala nawo, amene m'mawa anaima pakapinga manja m'thumba, anapezeka atafika kale kumsewu, tayi ili kumsana.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma munthu akalawa magazi sakhuta msanga. Wina anakuwa kuti, "Agumula zathu, nafenso tigumule yawo!" Nyundo anabwera kwa Namakiyi, maso ali psuu, chitsulo chikudontha.

"Achemwali, makiyi."

"Wapenga iwe? Nyumbayi yakulakwira chiyani?"

"Yandilakwira chiyani? Funsani khutu la ababa. Bweretsani!"

"Sindikupatsa."

Anagwira lamba wa makiyi n'kukoka. Namakiyi anamuluma padzanja, iye anamukankha, mayiyo n'kukagwera pamulu wa njerwa za nyumba yawo yomwe, chigongono n'kusupuka. Mlongo wake, amene anamubereka kumsana ali khanda! Anakhala pansi kanthawi, osakhulupirira.

Tsono imvani za anthu a kuseri. Chitseko chakumaso chinali chotsegula, Namakiyi anachitsegula yekha m'mawa uja, chachikulu choti ng'ombe ziwiri n'kulowa mogundana. Koma gulu lonselo, ndi mkwiyo wonsewo, linakathithikana pakakhomo ka kukhitchini, kukankhana, kupondana, kudikira Nyundo apeze kiyi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zolowera kumaso. Agogo awo sankalowera kumeneko, makolo awo sankalowera kumeneko, ndiye miyendo inangowatengera komwe inazolowera.

M'kati munamveka chiphokoso. Mbale zomwe Namakiyi ankazigwira ngati mazira zinkauluka pamawindo. Piyano ija inalira tsiku limenelo, kamodzi kokha, pomwe ankaigwetsa. Mfuti anazizula pakhoma n'kupeza kuti ndi dzimbiri lokhalokha, ndiye anaswera magalasi. Wina anabwera ndi chigubu cha mafuta opopa m'chimakina chija. Kenako, mwachipongwe, anayamba kukoka zingwe. Chipinda chodyera, chipinda cha dona, cha ana, cha alendo, mabelu onse pamodzi, ngerengere, ngerengere, anthu akuseka n'kumakuwa, "Tiyi! Bweretsa tiyi!"

Namakiyi anawamva mabeluwo. Anacheukira kumtengo. Mpando unalipo, munthu panalibe.

Anathamanga uku ndi uku akufunsa, koma ndani akanaona nkhalamba pa chipwirikiti chotere? Anthu tsopano ankatuluka m'khitchini mothamanga, wina ndi nyale, wina ndi mpando, akutsokomola, chifukwa moto unali utagwira. Pansi pa matabwa pomwe panamwa polishi zaka zonsezo sipanachedwe. Gulu litatha kutuluka, Namakiyi anaziona. Pambali pa sitepe ya khitchini panali nsapato ziwiri zakuda, zoikidwa bwinobwino moyandikana, zidendene kukhoma.

"Ababa!" anakuwa, mutu uli pakhomo. Utsi unamubweza. "Ababa, tulukani!"

Nyundo anatuluka womalizira, akuseka, chithunzi cha bwana chili m'manja atachiboola. Namakiyi anangomulozera nsapato zija. Kuseka kunathera pomwepo. Anataya chithunzi, anavula malaya, kuwaviika m'mgolo wa madzi, kudzikulunga kumutu, n'kubwereramo.

Anakhalitsa. Namakiyi ankamumva akuitana, "Ababa! Ababa, ndine!" mawu akunka natalikira, kenako kutsokomola kokhakokha. Potuluka anachita kukwawa, tsitsi litapserera, khungu la mkono likulendewera.

"Alimo," anatero akulira ngati mwana. "Ndawamva, achemwali. Akuti ndikubwera dona, ndikubwera. Akungoyenda chipinda ndi chipinda. Ndikaitana sakuyankha, ndipo sindikuona kanthu. Ndawapha ine ababa!"

Anafuna kulowanso, koma anangogwa pomwepo. Mabelu aja anali atasiya kulira, okoka atathawa. Bambo ake ankaidziwa nyumba ija kuposa aliyense, akanatha kutuluka atatsinzina, koma sakanatuluka asanapeze amene wawaitana. Mawu a ana awo sankawadziwanso. Chinatsala chinali chimodzi chokha. Waya wa belu la pakhonde sunkadutsa kudenga ngati enawo, unkayenda panja, kunsi kwa malata, mpaka kukhitchini.

Anathamanga kuzungulira nyumba. Kumaso kunali nkhondo ina. Apolisi anali atafika, atandanda pageti ndi zishango, akuponya utsi wokhetsa misozi. Anthu a kuseri anali mbali ina ya kapinga akubweza ndi miyala. Khonde linali pakati penipeni. Namakiyi anawerama n'kudutsa, anakwera masitepe, n'kufika pa mpando wa nsungwi wa bwana. Chingwe chinali pomwepo, chofiira, cha ngayaye kumapeto. Anachigwira. Anakoka monga momwe bambo ake ankasimbira kuti bwana ankakokera, kawiri mofulumira, kachitatu mokoka nthawi.

Kutali, kuseri kwa moto, anamva mawu osasa aja. Anakokanso.

"Taonani uyo!" anakuwa mayi wina m'gulu muja. "Ife atigumulira, iye akuitana antchito! Wasanduka dona!"

"Kapolo wa Manijala! Mugende!"

Mwala woyamba unaswa windo kumbuyo kwake. Wachiwiri unamupeza pakamwa. Anamva mano akuphwanyika, analavula, magazi n'kuyenderera pa yunifolomu. Awa anali anthu omwe ankapalana nawo moto, omwe anawasungira ana. Iye anangopitiriza kukoka. Kawiri mofulumira, kachitatu mokoka nthawi.

Wapolisi wina anakwera masitepe atabisa mutu kuchishango. Iye anaona ngati mayiyu akuitana anzake kuti abwere.

"Tsika! Siya chimenecho!"

"Muli bambo anga m'katimu!"

Kaya sanamve, kaya sanafune kumva, pakamwa pake pomwe panali podzaza magazi. Ndodo inatera padzanja, zala ziwiri n'kuthyoka. Namakiyi anakuwa, anagwira chingwe ndi dzanja linalo, n'kuchikulunga pamkono kuti asamulekanitse nacho. Ndodo inateranso paphewa, kenako m'nthiti. Anagwada, koma pogwadapo thupi lake lomwe linakoka chingwe, belu n'kulira. Anadzuka, anakokanso. Pachitatu chingwe chinabwera chofewa, chopanda mphamvu, waya n'kugwa kuchokera kumalata. Unali utaduka.

Anakhala pansi, chingwe chili pamkono. Wapolisi anabwerera m'mbuyo chifukwa denga la khonde linali litayamba kudontha moto. Namakiyi sanasunthe. Maso ake anali pangodya ya nyumba, pomwe kanjira ka miyala kochokera kukhitchini kamatulukira. Panalibe munthu. Mawindo a pabalaza anaphulika, kutentha kunamuwamba msana. Panalibe munthu. Anayamba kulira mokweza, kulira kwa maliro, chifukwa anadziwa kuti wachedwa, ndipo lumbiro lake waliphwanya pachabe.

Ndiye pangodya paja panatulukira thireyi.

Mkuluyo ankayenda mwachangu cha nkhalamba, msana uli chilili, opanda nsapato, mapazi akusiya magazi pamiyala chifukwa cha magalasi. Tsitsi la mbali imodzi linali litapita, malaya akufuka utsi paphewa. Thireyi anainyamula ndi manja awiri, pamwamba pake pali tambula imodzi yodetsedwa ndi mwaye, yopanda kanthu. Mwala wina unagwa pafupi nawo, iwo osacheuka. Kenako miyala inasiya. Mayi uja amene anayamba kukuwa anagwira pakamwa. Apolisi nawo anatsitsa zishango, n'kumangoyang'ana.

Anafika pansi pa masitepe, anaima, maso pansi.

"Pepani bwana, ndachedwa," anatero akupuma movutika. "Dona anaitananso."

Namakiyi anatsika masitepe chokwawa. "Ababa, ndine. Ndine mwana wanu. Tiyeni tichoke pano."

Sanamuyang'ane. Anawagwira mkono, iwo anaumitsa thupi. Nyundo anafika akudzikoka, anayesa kuwanyamula, mkuluyo n'kumuponda, kukakamira chitsulo cha masitepe ndi dzanja limodzi.

"Ndisiye iwe! Ukufuna andichotse ntchito? Sanandiuze kuti ndipite!"

Mtanda woyaka unagwa pakhonde, mpando wa nsungwi n'kulilima. Zidutswa za moto zinkagwera pamasitepe, china chinatera pathireyi. Mkuluyo sanasunthe ngakhale pang'ono. Nyundo anamuyang'ana mchemwali wake, ndipo onse awiri anadziwa chofunika.

Namakiyi anakweranso masitepe awiri, moto uli kumsana, kuti akhale pamwamba pa bambo ake. Anapukuta magazi pakamwa. Anakweza mawu, kuwaumitsa, mawu omwe sanawalankhulepo kwa munthu wamkulu aliyense chibadwire.

"Basi, pita! Ntchito yatha lero. Pita kwanu!"

"Zikomo bwana."

Anawerama, anabwerera m'mbuyo mapazi atatu asanatembenuke, monga mwa lamulo. Atangotembenuka anayamba kugwa. Nyundo anawawakha ndi mkono wabwinowo n'kuwabereka kumsana, thireyi n'kugwa pamiyala. Namakiyi anatsatira pambuyo akutsimphina, ndipo asanafike pakati pa kapinga denga la khonde linagwa lonse.

Anthu anapatuka kuwapatsa njira. Wina anabwera ndi madzi, wina anathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto ya kuchipatala. Mkuluyo anawagoneka pansi pa mtengo uja, pafupi ndi wometa ndi mkazi wake. Namakiyi anagwada n'kuyamba kuzula magalasi m'mapazi mwa bambo ake ndi dzanja lotsalalo, misozi ikugwera pamabala. Sankadziwa kuti agona kuti, nyumba yawo inali mulu wa njerwa, ntchito yake inali kuyaka kumbuyo kwake. Koma bambo ake anali kupuma.

Mkuluyo anatsegula maso, anamuyang'ana nthawi yaitali, nkhope yotupayo, mano othyokawo.

"Mayi inu, wakupwetekani ndani chonchi?"

Iwo anamukodola kuti asendeze khutu, ngati akufuna kumuuza chinsinsi, ndipo nkhope yawo yopserera inamwetulira.

"Ine lero ndachita mwayi," ananong'ona. "Ndinachedwa, koma bwana sanandimenye."